Galimoto Yosakankhidwa pa Njira ya kwa Chipewa

Amayi anamwalira ndili ndi zaka zitatu, ndipo mpaka chaka chatha sindinkadziwa pamene anagona. Ndinkangodziwa dzina la malo, kwa Chipewa. Inali pulazi, munda waukulu wa fodya, kuseri kwa Darwin, chakunjira ya ku Centenary, ndipo antchito anaitcha choncho chifukwa cha chipewa chachikulu cha mzungu wake. Mapulazi atasintha manja anthu a m'komboni anabalalika. Agogo anandibereka kumbuyo n'kubwera nane ku Bindura, kumene mlongo wawo ankagwira ntchito kumgodi. Ndinakulira komweko, ku Chiwaridzo, m'chipinda chimodzi ndi iwo. Za manda sitinkakamba. Agogo si munthu wa nkhani zambiri, ndipo ine ndinatengera.

Uthenga unabwera mu Okutobala, kudzera mwa mayi wina wa kumpingo. Munthu amene anapatsidwa munda mbali ya manda a antchito wapeza thirakitala, ndipo Lolemba ayamba kulima mvula isanagwe. Anati manda alionse okhala ndi chizindikiro adzawalambalala. Koma iye ndi wobwera, sangadziwe kuti chulu ndi chiti, manda ndi ati. Amene ali ndi wake abwere adzaike mwala.

Limenelo linali Lachinayi. Agogo anangoti, "Loweruka tipita."

Wodziwa manda a amayi anatsala mmodzi, Agogo omwewo, ndipo maso awo ali ndi ng'ala. Dzuwa likakhala pamutu amaona mitengo, anthu, ngakhale mtundu wa nsalu. Likapendeka, zonse zimasanduka utsi. Choncho tinafunika kufika masana. Kombi, minibasi ya kuno, ikanatisiya ku Darwin, ina ikanatitula pamphambano, ndipo mtunda wotsalawo miyendo ya Agogo sikanautha.

Anatipulumutsa a Mbewe, mkulu wa kumpingo kwathu, amene anayendetsa malole a kumgodi zaka makumi atatu. Mwana wawo wa ku Joni anagula kagalimoto kotuwa kochokera ku Japan, n'kukasiya pabwalo pawo kali kofunditsidwa tenti. A Mbewe ankakanyoza. "Galimoto ya alesi iyi," ankatero. "Otomatiki. Ilibe kilachi. Mwendo wamanzere umangokhala ngati mlendo pamaliro." Komabe anavomera, bola ife tithire mafuta.

Tinanyamuka kutangocha. Kumbuyo tinaika theka la thumba la simenti, chigubu cha madzi, khasu, fosholo, ndi chikwangwani chachitsulo chimene wowotcherera wa pafupi ndi sitolo imene ndimagwira ntchito anandipangira. Dzina la amayi ndinalemba ndekha ndi penti yoyera: Lusiya Phiri. A Mbewe atapotokola kiyi, injini inabuula kawiri isanalire.

"Yagona nthawi yaitali," anatero. "Idzuka panjira."

Kenako anayatsa magetsi akutsogolo, ngakhale kunja kunali kutayera kale.

Titawoloka mtsinje wa Mazowe, kumene anthu anali kale m'madzi mpaka m'mawondo akusefa golide, tinapeza apolisi pamsewu. Wapolisi wamkazi anaona mapepala, anasuzumira Agogo, kenako anagogoda pagalasi la nyali.

"Sekuru, magetsi anu akuyaka," anauza a Mbewe, powaitana monga amaitanira mkulu m'Chishona.

"Ndikudziwa, mwanangu. Kumgodi galimoto siyenda magetsi ali ozima, kaya masana kaya usiku. Ndi lamulo."

"Kuno si kumgodi."

"Ngozi sidziwa zimenezo."

Wapolisiyo anaseka n'kutiuza kuti tipite. A Mbewe anayendetsa mtunda wonse mpaka ku Madziwa akutifotokozera malamulo ena a kumgodi, ndipo dzanja lawo lamanzere linkapita pagiya nthawi ndi nthawi, kufunafuna ntchito, n'kubwerera lopanda kanthu.

Pa Madziwa tinatenga munthu. Anali korokoza, wokumba golide payekha, matope ofiira atauma m'mabutsu mpaka m'makutu, atanyamula chitsulo chothyoka cha chigayo cha miyala chokawotcheretsa ku Darwin. Analipira madola awiri n'kukhala kumbuyo ndi ine. Atamva Agogo ndi a Mbewe akulankhula, anandifunsa m'Chishona ngati tinali a ku Malawi. Ndinavomera.

"Unafikako?"

"Ayi."

"Nanga sekuruwo?"

"Ine ndinabadwira kumgodi wa Shamva," anayankha a Mbewe. "Koma kwathu ndi ku Dedza."

"Kwanu kumene simunakuone. Inu mabhurandaya, a ku Malawi obadwira kuno, ndinu odabwitsa." Anaseka, koma mopanda njiru. Atamva chimene tikupitira anasiya kuseka, anavula chipewa, ndipo posakhalitsa anagona chitsulo chili pamiyendo.

Apa m'pamene a Mbewe anakumbukira kuti mwana wawo anasiya m'wailesi kakhadi ka nyimbo za kutchalitchi za m'Chichewa, zakale zija zimene kumpingo kwathu zatsala ndi okalamba okha. Atayatsa, Agogo anawongola msana. Sanaimbe. Milomo yokha inkayenda.

Ku Darwin tinataya ola lathunthu. A Mbewe anadutsa malo onse abwino oimikapo n'kukaima kumapeto kwa msewu, pamene pali potsetsereka. "Dalaivala weniweni saimika galimoto pamalo athyathyathya," anandiuza. Kenako anakumana ndi mnzawo wakale wa kumgodi pakhomo pa sitolo, ndipo anayamba kuwerengana amene anafa ndi amene alipo. Ine ndinagula mabanzi ndi zakumwa, ndinadyetsa Agogo, ndinayang'ana mthunzi wa mtengo wa magetsi ukufupika. Munthu wokubwereka galimoto sumufulumiza.

Phula tinalisiya cha m'ma teni. Kuyambira pamenepo Agogo ndiwo anali mapu athu, koma mapu a dziko lina. Ankati tikhote pamzere wa mabulugama, mabulugamawo kulibe. Ankati tiona geti la migolo yoyera, kenako sitolo ya m'Giriki. Ife tinkaona timidzi tatsopano, nyumba zaudzu, minda yaing'onoing'ono, ndi tizipangizo ta sola padenga. Msewu unachepa, unasanduka mikwasa iwiri ya ngolo, unakwera mtunda wamiyala. Pamwamba pake unagawikana pawiri.

"Kumanja kapena kumanzere, aNaphiri?" a Mbewe anafunsa Agogo.

Agogo anayang'ana uku ndi uko kwa nthawi yaitali. "Panalibe mtunda wotere," anatero.

A Mbewe anaganiza zoti iwo ndi ine titsike tikafunse, kapena tikaone mabalani a fodya, poti njerwa sizidulidwa ngati mitengo. Anaimika galimoto itayang'ana kumunsi, n'kuika mwala patayala. Kunkatentha kwambiri. Anazimitsa injini posunga mafuta, koma kiyi anaisiya itapotokoka kuti Agogo atsale ndi mphepo ya fani ndi nyimbo zawo. "Mphindi khumi basi," anatero.

Pakhomo loyamba tinapeza agalu okha. Pachiwiri tinapeza mayi amene anasamukira kuno zaka zisanu zapitazo, ndipo dzina la Chipewa anali asanalimvepo. Anatilozera kwa mkulu wina, mkuluyo anali atapita kudibi ndi ng'ombe. Pomaliza tinakwera kaphiri ka miyala, a Mbewe akupumira pamwala uliwonse. Tili pamwamba ndinawaona: makoma anayi ataliatali ofiira, opanda madenga, kutsidya kwa mtsinje wouma. Njira inali ya kumanzere. Mtunda wake unali woti munthu wamphamvu angayende ola limodzi ndi theka.

Tinabwerera patapita pafupifupi maola awiri. Ndisanafike pagalimoto ndinadziwa kuti chinachake chalakwika, chifukwa kunali zii.

"Mphepo inayamba kufooka," anatero Agogo. "Kenako oimba anangoduka pakati pa vesi."

Ndinazungulira kutsogolo. Nyali zinali zofiirira ngati makala a dzulo. A Mbewe anakhala pampando n'kupotokola kiyi. Tiki-tiki-tiki. Anayesanso. Tiki. Kenako palibe.

Anatsika n'kuyang'ana nyalizo ngati zawachitira chipongwe. Anandifotokozera kuti palole ya kumgodi pali chotsekera chachikulu chofiira kuseri kwa mpando, ukachipotokola moto wonse umazima nthawi imodzi. Kwa zaka makumi atatu dzanja lawo silinazimitsepo nyali pazokha. Koma sanataye mtima. Anamwetulira, n'kundilozera msewu wotsetsereka umene unali patsogolo pathu.

"Ukuona tsopano, Esinati? Ndiye chifukwa chake. Lole ya matani khumi ndailizapo pamtunda wochepa kuposa uwu. Umailekerera ithamange, umaponya giya, umasiya kilachi, basi yalira."

"Mwati ilibe kilachi," anatero Agogo.

"Giya ilipo."

Koma giyayo inakana kusuntha. Inali pa P, ndipo a Mbewe anaikoka ndi dzanja limodzi, kenako awiri, ataponda buleki, atasiya buleki. Sinagwedezeke.

Apa ndiyenera kuvomera mlandu wanga. Kutsogolo kwa sitolo yathu kumaima timagalimoto totere tonyamula anthu, ndipo ine ndimakhala pawindo tsiku lonse. Ndinali nditaonapo madalaivala akutsegula kachitseko kakang'ono m'mbali mwa giya, n'kubaya m'kati ndi kiyi kapena msomali, giya n'kumasuka. Chimene ankachita pambuyo pake sindinachilabadire. Ndinazengereza, chifukwa sindinazolowere kuphunzitsa akuluakulu. Kenako ndinayang'ana dzuwa, ndinazula kapini m'tsitsi, ndinatsegula kachitseko kaja, n'kubaya. Giya inatsetsereka kupita pa N ngati yadzozedwa mafuta.

"Mwana uyu!" anatero a Mbewe. "Amangokhala chete, kodi akuba nzeru."

Nthawi yomweyo kumtunda kunatsika amuna asanu ndi mmodzi ovala mikanjo yoyera, mitu yometa mpala, ndodo m'manja. Anali mapositori ochokera kokapemphera kuphiri. Wamkulu wawo, wandevu zoyera, atamva nkhani yathu anayala ndodo pansi n'kupinda mkanjo. Ena onse anachita chimodzimodzi. Tinatsitsa Agogo n'kuwakhazika pamthunzi. Ine ndinachotsa mwala patayala.

Galimoto yaing'ono, amuna asanu ndi mmodzi, msewu wotsetsereka. Inauluka. Tinaithamangira m'fumbi, ndipo ndinaona mutu wa a Mbewe ukuweramira kugiya. Ndinadikira kugwedezeka kuja kumene kombi imachita ikagwira moto. Panalibe. Galimoto inangopitirira, chete, miyala ikulira pansi pa matayala. Inadutsa pokhota movutikira, inatsika, inatsikabe, mpaka inakalowa mumchenga wa mtsinje wouma n'kuima, mphuno ili pansi.

Tinawapeza a Mbewe atagwirabe chiwongolero, thukuta lili chuchuchu.

"Buleki yauma ngati mwala," anatero. "Chiwongolero ngati cha ngolo. Ndaponya pa D, palibe. Ndaponya pa 2, palibe. Sinayese n'komwe kutsokomola."

Wandevu zoyera uja anati mwina liwiro linachepa, tiikankhire kumtunda tiyesenso. Tinayesa. Matayala anangomira. Anavula nsapato, anaika dzanja paboneti, anapemphera. Atamaliza, mmodzi wa iwo, wa zaka ngati makumi atatu, amene anzake ankamutchula kuti Madzibaba Josefa, anakhosomola pang'ono n'kunena kuti iye anagwirapo ntchito pagalaja ku Harare, ndipo galimoto ya mtundu uwu silira ndi kukankha, ngakhale mutaigwetsa kuchokera pamwamba pa phiri.

"Nanga osanena bwanji tili kumtunda?" anafunsa a Mbewe.

"Akuluakulu anali atapinda kale mikanjo, sekuru."

Ndinayembekeza kuti a Mbewe akwiya. M'malo mwake anatsika, ananjuta pamchenga, n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. "Tandiuza. Chikulepheretsa n'chiyani?"

Josefa ananjuta pambali pawo n'kujambula ndi chala. Anati palole, injini ndi matayala zimagwirana chitsulo kuchitsulo, choncho matayala akazungulira amakoka injini. Koma umu pakati pake pali mafuta, ndipo amene amapopa mafutawo ndi injini yomweyo. Injini ikagona, mafuta agona, matayala amangozungulira okha ngati a wilibala.

"Ndiye kuti iyenera kudzuka kaye kuti idzutsidwe."

"Eya, sekuru."

"Nanga a ku Japan batire likawathera amatani?"

"Amaimba foni."

Tonse tinatulutsa mafoni. Panalibe ndi kamzere kamodzi komwe. Ndinafunsa ngati panjirapa pamadutsa magalimoto. Anati lole ya thonje inadutsa mwezi watha. Ina imene ankaidziwa inali thirakitala yobwera Lolemba.

Ndinabwerera kumtunda kukatenga Agogo, ndipo tinatsika pang'onopang'ono atandigwira paphewa. Nthawi inali itadutsa wani koloko. Ndinaganiza zowabereka mpaka kwa Chipewa. Ndinaganiza za ngolo, koma ng'ombe zonse zinali kudibi. Josefa anati chofunika ndi batire lina, ndipo dera lonselo batire lalikulu lili ndi munthu mmodzi, Mai Rudo, amene amatchaja mafoni a anthu ndi sola. "Koma sabwereketsa," anatero. "Ndikuperekezeni, mukalankhule nokha."

Tinayenda mphindi makumi anayi. Mai Rudo anali mayi wamfupi, wamikono ikuluikulu, atakhala pakhonde akusenda mtedza. Pambali pake panali batire lakuda m'bokosi lamatabwa, ndi mafoni asanu ndi awiri atagona pamphasa ngati ana a nkhumba akuyamwa. Josefa asanamalize kufotokoza, mayiyo anali akupukusa kale mutu.

"Aiwa. Chaka chatha makorokoza analitenga kuti akalizire pampu. Mphindi zisanu, amai, mphindi zisanu. Linabwera patapita masiku atatu litafa. Ili ndinagula nditagulitsa mbuzi ziwiri. Amuna akaona batire amaona ngati bulu."

Kuchonderera sindikudziwa. Ndinangonena zimene zinalipo: manda a amayi, thirakitala ya Lolemba, maso a Agogo, dzuwa. Ndinalankhula ndikuyang'ana mafoni aja. Mai Rudo anapitiriza kusenda mtedza.

"Unali ndi zaka zingati?"

"Zitatu."

"Nkhope yawo ukuikumbuka?"

"Ayi."

Anataya makoko m'lichero, anapukuta manja. "Batire langa siliyenda lokha. Kumene likupita ndipita. Ndipo wolikhudza ndine ndekha." Anazula mafoni onse, anakweza batire pawilibala atayala thumba pansi, anatenga mtolo wa nthambo ndi mpeni. Chipangizo cha sola anachitsitsa padenga n'kundisenzetsa pamutu.

Tinafika pamtsinje cha m'ma hafu pasiti thuu. Mapositori anali asanachoke, atakhala mzere pansi pa mkuyu. A Mbewe anali atatsegula kale boneti, sipanala ili m'manja, ndipo nzeru yawo inali yochotsa batire lakufalo n'kuikapo la Mai Rudo. Koma zinakanika. Mitu ya batire la galimotoyi ndi yaing'ono ngati chala cha kaniche, ndipo zomangira zake sizikanalowa pamitu ikuluikulu ya linalo. Nthambo zojampira tinalibe. Mwana wa a Mbewe anasiya m'buti ambulera ndi nsapato imodzi.

"Palibe vuto," anatero a Mbewe. "Gwirizitsani nthambo zanuzo apa ndi apa, ine ndipotokole kiyi."

Mai Rudo anawayang'ana kuyambira kumapazi. "Sekuru, nthambo izi ndi za mafoni. Injini ikakoka moto wake wonse kudzera umu, zisungunuka m'manja mwanga. Munthu wakomoka ndi njala simumuthira poto yense m'kamwa. Mumamumwetsa ndi supuni."

Ndinaonetsetsa zonse zimene anachita. Anapala ufa woyera pamitu ya batire lathu ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala. Anapota nthambo zitatu kukhala imodzi, ndi zina zitatu chimodzimodzi. Anamanga mutu wa chizindikiro cha mtanda ku mutu wa mtanda, winawo ku unzake, akuyang'ana kawirikawiri asanakhudzitse. Sola anaiika padenga la galimoto, n'kuitsamiritsa pachigubu chathu kuti iyang'ane dzuwa, kuti batire lake lizidya uku likudyetsa.

"Zonse zozimitsa mwazimitsa?"

"Zonse," anatero a Mbewe.

Ndinapita kutsogolo. Nyali zinali zitayambanso kufiira. Ndinalowetsa dzanja pawindo n'kupotokola kachitsulo ka magetsi. A Mbewe anayang'ana kumbali. Mai Rudo anatambasula dzanja.

"Kiyi."

"Pepani, mayi?"

"Kiyi ndisunga ine. Amuna ndimakudziwani."

Anaimangirira pansonga ya nsalu yake n'kukakhala pamchenga pafupi ndi Agogo.

Ndiye tinadikira. Sindinadikirepo chinthu chosaoneka ngati tsiku limenelo. Palibe chimene chinkayenda, palibe chimene chinkalira, nthambo zinangoti lende pakati pa mabokosi awiri. Ndinkadzifunsa kuti motowo ukuyenda bwanji, ngati madzi m'ngalande kapena ngati nyerere pamzere. Ndinakhudza nthambo imodzi, inali yofunda pang'ono. Nyenje zinkalira m'mitengo. Agogo ndi Mai Rudo ankacheza, wina m'Chichewa wina m'Chishona, za mtengo wa mtedza ndi za mawondo. Mthunzi wa mkuyu unachoka pamapositori n'kuyamba kukwawira kugalimoto, ndipo Mai Rudo anandituma kawiri kukasuntha sola.

"Agogo, mtengo uwo kutsidyako mukuuona?"

"Ndikuuona. Uli ndi nthambi youma."

Patapita theka la ola a Mbewe sanathenso kupirira. Anapempha, anachonderera, anatchula zaka zawo makumi atatu. Mai Rudo anati nthawi sinakwane. Koma ine ndinali nditaimirira kale pafupi ndi chitseko, ndipo anandiyang'ana, n'kumasula kiyi. Anachotsa nthambo zake kaye. Injini inabuula, ruu, ruu, inatsala pang'ono, kenako tiki-tiki-tiki.

"Mwaona? Zimene tinamwetsa wasanza. Tiyambirenso."

Ulendo uno palibe amene anapempha kiyi. A Mbewe anakakhala ndi Josefa n'kumufunsa za mafuta aja, kuti ngati ali pakati, galimoto imadziwa bwanji nthawi yosintha giya. Josefa anajambulanso pamchenga. Ine ndinkayang'ana nthambi youma ija.

"Agogo, mukuuonabe?"

"Ndikuona chinthu chakuda."

Foni yanga inkati folo koloko yadutsa ndi mphindi khumi pamene Mai Rudo anadzuka yekha. Anakhudza batire lathu ndi kuseri kwa dzanja, anamasula nthambo, anapereka kiyi. "Kamodzi, sekuru. Ikakana musaumirire."

A Mbewe anabweza giya pa P, anaponda buleki, anatseka maso. Ruu, ruu, kenako inalira. Mapositori anaimirira onse ndi mfuu. Wandevu zoyera anati pemphero lija linangochedwa panjira. Tsopano kukankha kunapeza ntchito: anafukula mchenga ndi fosholo yathu, anayala nthambi, ndipo ndi mapewa asanu ndi limodzi galimoto inakwera kutsidya.

"Musaizimitse mpaka ku Bindura," anatero Josefa pawindo.

Mai Rudo anati sakukhulupirira a Mbewe, choncho anakwera nafe, batire lili pamiyendo, sola ili pamiyendo yanga. Wilibala anatsala nayo Josefa.

Mabalani tinawafika dzuwa litatsika mpaka pansonga za makoma. Mkazi wa mwini munda anatuluka n'kutilozera kumanda, kuseri kwa malo amene kale panali komboni. Udzu unali utawotchedwa. Ndinkayembekeza mitumbira, koma ndinapeza nthaka yakuda yongotukuka pang'ono apa ndi apo, ngati mphasa yoyalidwa pamiyala. A Mbewe anasiya injini ikulira n'kutitsatira, akucheuka nthawi iliyonse ikasintha mawu.

Agogo anafuna msuku umene unali pakona. Tinapeza chitsa. Anachigwira ndi manja onse, anatembenuka kuti dzuwa likhale kumanzere kwawo, n'kuyamba kuyenda ndi ine, mapazi akukhwekhwereza m'phulusa. Ankawerenga mizere chamumtima. Pamzere wachitatu anakhota, anadutsa malo anayi, anaima. Anagwada. Anapapasa nthaka kumanja, anapapasa kumanzere. Panali timitunda tiwiri togundana, tofanana kutalika.

Anaweramitsa nkhope mpaka inatsala pang'ono kukhudza pansi. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Ndi apa," anatero. "Koma ali awiri."

"Winayo ndani?"

"Mariya. Wa ku Tete. Ankamanga fodya tebulo limodzi ndi amako. Anatsatana sabata imodzi. Analibe m'bale kuno, tinamuika ife."

"Amayi ndi a kumanja kapena kumanzere?"

Anapapasanso. "Panali mbale yosweka pamutu pa amako. Siikupezeka."

Tinafukula phulusa ndi manja, ine ndi Mai Rudo, mpaka m'zikhadabo munada. Mbale panalibe. A Mbewe anavula chipewa.

"Tikanafika dzuwa lili pamutu, aNaphiri. Mlandu ndi wanga."

"Kapena ndikanaona, kapena ayi," anatero Agogo. Anatembenukira kwa ine. "Esinati, ndikhoza kukulozera pamodzi, iwe n'kukhulupirira. Koma sindikunamiza. Sindikudziwa."

Ndinaima ndikuyang'ana timitunda tiwirito. Njira yonse ndinkaganiza kuti ndikadzafika ndidzamva chinachake, kuti thupi lidzandiuza. Silinandiuze kanthu. Kumanja ndi kumanzere kunali nthaka yomweyo. Ndipo ndikasankha molakwa, Lolemba khasu la thirakitala lidutsa pa amayi, ine nditamanga simenti pambali.

Ndinatenga khasu n'kulemba mzere pansi, kuzungulira onse awiri.

Mai Rudo anayamba kutola njerwa zakugwa kumabalani, a Mbewe anasakaniza simenti pansi ndi madzi a m'chigubu, mkazi wa mwini munda anabwera ndi ndowa ina. Simentiyo tinaitengera manda amodzi, choncho inangokwana m'makona anayi ndi pakati. Kwina konse tinangondanda njerwa ziwiriziwiri. Mkazi wa mwini munda uja anati mwamuna wake aziona, ndipo iye mwini adzaimirira pamenepo thirakitala ikamadutsa.

Chikwangwani ndinachikhoma kumutu, pakati penipeni, pamene timitunda tiwiri tikumana. Agogo sankachionanso. Anachipapasa ndi zala, anapapasa njerwa za kumanja, kenako za kumanzere, n'kundifunsa kuti ndaika pati. Ndinawauza.

Anapukuta phulusa m'manja ndi nsalu yawo.

"Awiriwa ankabwerekana mchere," anatero. "Sakangana."